Nyenyezi za pa foni zinacokela kuti, nanga zimagwetsa ndani?

Ambili a ise manje tikafuna kukadyela pamalo pamene sitinafikepo, sitifunsanso munthu. Timacotsa foni m'thumba, kulemba dzina la lesitilanti pa Google Maps olo pa Facebook, n'kuyang'ana nyenyezi. Tikaona 4.6 timauza anzathu kuti tiyeni. Tikaona 3.2 timasakila kwina. Zimatenga masekondi ocepa cabe, ndipo mwini lesitilanti ija sadzadziwa n'komwe kuti anthu anayi anatsala pang'ono kumusiyila ndalama ya malasha a mawa.

Cizolowezi ici timaciona monga cinabwela na mafoni, koma cili na zaka zopitilila 200. Cinayambila ku France, n'kuwolokela ku America, ndipo ku America ndiye kumene anthu anakhala pansi n'kuwelengetsa kuti nyenyezi imodzi ni ndalama zingati. Tiyeni tiitsatile mbili imeneyi, cifukwa mphamvu imene kale inali na anthu ocepa lelo ili m'manja mwathu.

Woweluza woyamba anali kudya mahala

Liwu lakuti restaurant n'la Cifulenchi, ndipo poyamba silinali kutanthauza nyumba. Linali dzina la msuzi wa nyama umene anali kumwetsa anthu ofooka kuti apezenso mphamvu. Ca m'ma 1760, mumzinda wa Paris munayamba kutsegulidwa malo ogulitsa msuzi umenewu, kumene munthu anali kukhala pathebulo pake, kusankha cimene afuna, na kulipila cimene wadya. Pambuyo pa cipolowe ca 1789 cimene cinagwetsa ufumu wa France, malo aconco anaculuka maningi. Kunabwelanso anthu olemela catsopano amene ndalama anali nazo, koma sanali kudziwa kuti cakudya cabwino cipezeka kuti.

Munthu wina dzina lake Grimod de La Reynière anaona mpata. Mu 1803 anayamba kutulutsa buku lochedwa Almanach des Gourmands, louza anthu a mu Paris kumene angadye na kumene angagule zakudya. Anakhazikitsanso kagulu ka olawa kamene kanali kukumana wiki iliyonse. Ophika na ogulitsa anali kutumiza zakudya zawo kwa kaguluka, ndipo cakudya cikakoma, wamalonda anali kulandila cikalata comaonetsa makasitomala. Vuto linali lakuti oweluzawo anali kudya osalipila. Anthu anayamba kudandaula kuti bukulo limatamanda amene amatumiza zambili, ndipo mu 1812 linaleka kutuluka. Conco kungoyambila pa woweluza woyamba, funso linalipo kale: kodi amene akutamandayu wapatsidwa ciani?

Nyenyezi za kampani ya matayala

Nyenyezi zenizeni zinabwela na abale awili, André na Édouard Michelin, amene anali na kampani yopanga matayala ku Clermont-Ferrand. Mu 1900 dziko lonse la France linali na mamotoka osafika 3,000. Abalewa anaona kuti anthu akamayenda maulendo ataliatali, matayala adzatha msanga ndipo adzabwela kudzagula ena. Ndiye anasindikiza kabuku ka mahala kouza madilaiva kumene angapeze mafuta, makanika na malo ogona. Patapita zaka anayamba kukagulitsa, n'kulemba nchito anthu oyendela malesitilanti mwakabisila. Mu 1926 anayamba kuika nyenyezi imodzi pa malo ophika bwino, ndipo mu 1931 nyenyezi zinafika pa zitatu. Olo tanthauzo lake lionetsa kuti anali anthu a matayala: ziwili zinali kutanthauza kuti m'poyenela kupatuka pamseu wako kuti ukadyepo, zitatu kuti m'poyenela kunyamukila ulendo wa cakudya cimeneco cabe.

Michelin inakonza colakwa ca Grimod. Oyendela ake sanali kudziulula, ndipo bilu anali kulipila monga kasitomala aliyense. Koma panabuka vuto lina. Moyo wa bizinesi yonse unatsamila pa lilime la anthu ocepa amene wophika sawadziwa olo nkhope.

Kulemela kwa katundu uyu kunaonekela pa Bernard Loiseau, wophika wochuka wa m'tauni ya Saulieu, amene analandila nyenyezi zitatu mu 1991. Kuciyambi kwa 2003, buku lina loweluza malesitilanti lochedwa Gault et Millau linamutsitsa kucoka pa mamaki 19 kufika pa 17 mwa 20, ndipo kunamveka mphekesela zakuti Michelin ifuna kumulanda nyenyezi imodzi. Pa 24 February 2003 anadzipha, ali na zaka 52. Nyenyezi zake zitatu zinali zikalipo. Anali na nkhongole komanso anali kudwala matenda a nkhawa, conco sitinganene kuti mabuku ndiye anamupha, koma imfa yake inapangitsa anthu kufunsa kuti mamaki awa afika pati. Mu 2017 wophika wina wa nyenyezi zitatu, Sébastien Bras, anacita kupempha yekha kuti Michelin imucotse m'buku, ati watopa kuphika mbale iliyonse na mantha akuti mwina ndiye ipita pathebulo la woyendela.

Caka cimeneco ca 2017 kunacitikanso nkhani yoseketsa. Michelin inasokoneza malesitilanti awili a dzina limodzi, Le Bouche à Oreille, n'kuika nyenyezi pa kalesitilanti ka mu tauni ya Bourges kamene kanali kudyetsa anchito cakudya ca masana cochipa. Mwadzidzidzi makasitomala na atolankhani anadzaza. Mupoto munalibe cimene cinasintha. Cinasintha ni kacizindikilo ka pa webusaiti, ndipo anthu anakatsatila.

Voti ipita kwa wodya aliyense

Ku America kunabwela ganizo lina. Mu 1979, maloya awili a ku New York, Tim na Nina Zagat, amene anali mwamuna na mkazi wake, anatopa kumvela akatswili a m'manyuzipepala. Anayamba kufunsa anzawo kuti apeleke mamaki pa cakudya, maonekedwe a malo na kalandilidwe, ciliconse mwa 30, n'kuphatikiza mayankho onse m'kabuku. Mfundo yawo inali yakuti malilime ambili a anthu wamba akaikidwa pamodzi angapose lilime limodzi la katswili. Kabukuko kanachuka mpaka Google inagula kampani ya Zagat mu 2011.

Intaneti inatenga ganizo limeneli n'kulikuza. TripAdvisor inayamba mu 2000. Yelp inayambitsidwa mu 2004 ku San Francisco na Jeremy Stoppelman na Russel Simmons, pambuyo pakuti Stoppelman wadwala cimfine n'kuvutika kupeza womuuza dokotala wabwino. Pa malo awa aliyense angalembe ndemanga, imene ambili timangoti review, na kupeleka nyenyezi kucokela pa imodzi kufika pa zisanu. Google nayo inaika nyenyezi pa mapu ake, kotelo kuti lelo munthu amaona ciweluzo ca lesitilanti asanaone citseko cake.

Kusintha uku kunali kwakukulu. Buku la Michelin linali kutuluka kamodzi pacaka, ndipo malesitilanti ambili sanali kulowamo n'komwe. Pa intaneti kantemba kalikonse kangaweluzidwe, ola lililonse, na munthu aliyense, kaya wadyako kaya sanadyeko.

Nyenyezi imodzi ni ndalama zingati?

Mu 2011, Michael Luca wa pa Harvard Business School anayankha funso ili na manambala. Anatenga nyenyezi za pa Yelp za malesitilanti a mumzinda wa Seattle n'kuziyelekezela na ndalama zimene malesitilantiwo analembetsa ku ofesi ya misonkho kucokela mu 2003 mpaka 2009. Kuti asasokoneze mphamvu ya nyenyezi na ubwino wa cakudya, anagwilitsila nchito mmene Yelp inali kuonetsela mamaki. Lesitilanti ya 3.24 inali kuoneka na nyenyezi zitatu, pamene ya 3.26 inali kuoneka na zitatu na hafu. Malo awiliwa amaphika mofanana ndithu, koma pa Yelp anali kuoneka osiyana. Luca anapeza kuti nyenyezi imodzi yowonjezeleka inali kukweza ndalama zolowa na 5 mpaka 9 pelesenti.

Cina cimene anapeza n'cofunika kwambili kwa ise. Phindu limeneli linali kupita kwa malesitilanti oima paokha, aja a banja limodzi olo munthu mmodzi. Makampani akuluakulu a nthambi zambili nyenyezi sizinali kuwagwedeza, cifukwa dzina lawo anthu amalidziwa kale. Munthu akalowa mu McDonald's amadziwa cimene adzapeza. Ndipo pamene Yelp inali kufalikila mu Seattle, gawo la msika la makampani akuluakuluwo linali kucepa. Ndemanga zinapatsa wophika wamng'ono cinthu cimene sakanatha kugula na ndalama: mlendo womukhulupilila asanamulawe.

Mu 2012, Michael Anderson na Jeremy Magruder a pa yunivesite ya California ku Berkeley anaona malesitilanti opitilila 300 a mu San Francisco. Anapeza kuti hafu cabe ya nyenyezi inali kusintha zinthu. Pa madzulo 100 alionse, lesitilanti yokhala na hafu yowonjezelayo inali kudzaza mathebulo onse madzulo ena pafupifupi 19 kuposa inzake.

Nanga kutsekedwa kwenikweni? Mu 2017, Dara Lee Luca na Michael Luca anafufuza malesitilanti a m'dela la San Francisco pa nthawi imene malipilo ocepetsetsa a anchito anali kukwezedwa na lamulo. Malipilo a pa ola akakwela na dola imodzi, ciopsezo cakuti lesitilanti ya nyenyezi zitatu na hafu itseke cinali kukwela na pafupifupi 14 pelesenti. Ya nyenyezi zisanu sinali kuonetsa kugwedezeka. Apa tiphunzilapo mmene zinthu zimayendela. Nthawi zambili ndemanga yoipa siitseka lesitilanti tsiku limodzi. Malo a nyenyezi zocepa amakhala ali kale m'mphepete mwa dzenje, makasitomala ocepa, phindu locepa. Ndiye lenti ikakwela, olo mtengo wa mafuta ophikila, olo malipilo, iwo ndiye amayamba kugwelamo.

Pamene pali ndalama, bodza limafika

Nyenyezi zitakhala ndalama, funso la nthawi ya Grimod linabwelanso. Mu 2013, ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York inanamizila kukhala na shopu ya yogati ku Brooklyn, n'kupempha makampani otsatsa malonda kuti aithandize. Ena anavomela kulemba ndemanga zabodza. Pamapeto pake makampani 19 analipila faindi yopitilila madola 350,000.

Michael Luca na Georgios Zervas anaona ndemanga za malesitilanti a mu Boston, n'kupeza kuti pafupifupi 16 pelesenti Yelp inali kuzibisa cifukwa cozikayikila. Anaonanso amene amakonda kucita cinyengo: ni malo okhala na ndemanga zocepa, olo amene angolandila kumene ndemanga zoipa. Ndipo pamene mpikisano wakula, ndemanga zabodza zonyoza zinali kuculuka, kuonetsa kuti ena amalembela mnzawo wa pafupi kuti amugwetse.

Nkhani yochuka kwambili ni ya ku London. Mtolankhani wina, Oobah Butler, kale anali kulipilidwa mapaundi 10 pa ndemanga iliyonse yabodza imene analembela malesitilanti amene sanadyeko. Mu 2017 analembetsa kashedi ka kuseli kwa nyumba pa TripAdvisor monga lesitilanti, n'kukacha The Shed at Dulwich. Zithunzi za cakudya anazipanga na thovu lometela ndevu, mankhwala ocapila, na dzila loika pa phazi lake. Anzake analemba zotamanda. Aliyense woimba foni anali kuuzidwa kuti malo ni odzaza. Pofika mu November 2017, kashedi kamene sikanagulitsepo mbale olo imodzi kanakhala nambala wani pa malesitilanti pafupifupi 18,000 a mu London. Akulu anati kandimvelele anakanena za m'maluwa.

Ena anasandutsa nyenyezi kukhala cida coopsezela. Mu 2022, malesitilanti a mu San Francisco, Chicago na New York analandila ndemanga za nyenyezi imodzi zambilimbili pa Google, zopanda mau alionse. Pambuyo pake kunabwela ma email opempha khadi ya Google Play ya madola 75 kuti zileke. Palinso eni malesitilanti amene anatengela Yelp yeniyeniyo kukhoti, ati imasintha maonekedwe a ndemanga pofuna kuwakakamiza kugula malo otsatsila. Yelp inakana, ndipo mu 2014 khoti ya apilu inataya mlanduwo. Caka cimeneco lesitilanti ya Botto Bistro ku Richmond, California, inatopa nazo n'kuyamba kucotsela mtengo kasitomala aliyense amene waipatsa nyenyezi imodzi, pofuna kuonetsa kuti mamakiwo angathe kuseweletsedwa.

Malamulo anabwela mocedwa, koma anabwela. Mu 2016 America inaletsa mabizinesi kusainitsa makasitomala mapangano owaletsa kudandaula poyela. Mu 2018 khoti ya ku Lecce ku Italy inagamula kuti munthu wogulitsa ndemanga zabodza za pa TripAdvisor akakhale m'jele miyezi 9. Mu 2024 bungwe la Federal Trade Commission ku America linaika lamulo loletsa kugula na kugulitsa ndemanga zabodza, na faindi yopitilila madola 50,000 pa mlandu umodzi. Britain nayo inaziletsa kuyambila mu April 2025.

Kuno kwathu

Kuno ndemanga tinali nazo kale mafoni asanabwele. Amene amadyela pa matebeto ku Thornpark olo m'misika ya mu Lusaka, Chipata na Kitwe adziwa kuti malo amachuka na pakamwa. Kondakita auza dilaiva, dilaiva auza mlamu wake wa mu ofesi, ndipo wiki yotsatila amayi aja aonjezela poto. Koma ndemanga ya pakamwa ili na nkhope. Amene wakuuza umamudziwa, ndipo akanama udzamufunsa. Imaiwalikanso. Nsima yosapsa ya caka catha palibe amene aikumbukila ngati ya lelo yapsa. Ya pa Google imakhalapo zaka, olo wophika uja anacoka kalekale.

Masamu ake ni osavuta. Tiyelekeze malo a amayi ena ali na ndemanga 10, ndipo avaleji ni 4.5. Anthu awili okwiya akaika nyenyezi imodzi-imodzi, avalejiyo itsika kufika pa 3.9. Malo aakulu a pa mall okhala na ndemanga 1,000 za avaleji imodzimodziyo akalandila ziwili zomwezo, pa foni padzaonekabe 4.5. Cimene Luca anapeza ku Seattle cili na mbali ziwili. Wamng'ono ndiye amakwezedwa kwambili na nyenyezi, ndipo ni yemweyo amene zimamugwetsa msanga. Malo ambili amene ise timadyela ni a ang'onoang'ono amenewa.

Izi sizitanthauza kuti tizikhala cete. Ngati tadwala cifukwa ca cakudya, ngati kukhichini kuli uve, ngati bilu aikweza mwacinyengo, anzathu afunika kudziwa. Nkhani zaconco zili na kopita kupatulapo pa foni: a zaumoyo ku khanso, na bungwe la Competition and Consumer Protection Commission. Koma pali kusiyana pakati pa cakudya coola na cakudya cocedwa mphindi 20 cifukwa malaiti apita. Pali kusiyananso pakati pa kulemba cimene tadya na kuthamangila kukaponya nyenyezi imodzi pa malo amene tangowaona mu vidiyo ya pa TikTok. Gulu likaukila conco, amene amayamba kucotsedwa nchito nthawi zambili ni weita na wotsuka mbale, anthu a msinkhu wathu.

Mbili iyi itiphunzitsanso kuwelenga. Nambala yokha siikwanila. Tiziona kuti ndemanga ni zingati, zinalembedwa liti, ndipo zikukamba ciani. Ndemanga zisanu zotamanda zolembedwa tsiku limodzi na anthu amene sanalembepo kwina kulikonse ziyenela kutikumbutsa kashedi ka ku Dulwich. Ndemanga ya nyenyezi zitatu yonena kuti nkhuku ya kumudzi inali bwino koma ndiwo zamasamba zinali na mcele wambili imathandiza kasitomala na wophika yemwe.

Oyendela a Michelin amalipila bilu yawo, ndipo pa malo ofunika amabwelelako asanagamule. Ise tinalandila nchito yawo popanda kuphunzitsidwa malamulo ake. Awili amenewa tingawatengeko: tiziweluza cimene tadya na kulipila, ndipo tsiku limodzi loipa tisalisandutse ciweluzo ca caka conse. Ngati mcele waculuka, tiyambe tauza amayi pa kauntala tikali pomwepo. Ndipo ngati pali malo pamene takhala tikudyela bwino zaka zitatu osalembako kalikonse, titsegule foni lelo tione kuti ali na ndemanga zingati. Mwina tidzapeza zitatu cabe, ndipo imodzi ni ya munthu amene anakwiya cifukwa anasowa poimika motoka.